Kuchoka ku Thyolo Kukafika ku Makka: Mmene Miyezi Inasandukira Maola



Ramadhan ikangotha, Shawwal n'kulowa, miyezi ya Hajj imakhala yayamba, ndipo m'makomo ena mumamveka nkhani za pasipoti, katemera ndi matikiti. Ndiye tati lero, pamene tikudikira futari, tikambe za mtunda umene uli pakati pa kwathu kuno ndi Makka, komanso nthawi imene anthu akhala akutenga kuti audutse.

Tiyambe ndi nambala. Mutakoka chingwe molunjika kuchoka pa boma la Thyolo kukafika pa Ka'aba, chingakwane makilomita pafupifupi 4,200. Chingwecho chingaloze kumpoto, n'kupendekera kum'mawa pang'ono chabe, madigiri 7. Imeneyo ndiyo Qibla yathu. Ana ambiri ku madrassah tikawafunsa kumene kuli Makka amaloza kotulukira dzuwa, poti anamva kuti Aluya ndi anthu a kum'mawa, chonsecho pa Swala amayang'ana kumpoto kasanu patsiku.

Ndege yoyenda masiku onse kuchoka ku Chileka kapena ku Lilongwe molunjika ku Jeddah kulibe. Ambiri amadzera ku Addis Ababa, ena ku Nairobi. Kuchoka ku Chileka kukafika ku Addis Ababa ndi makilomita pafupifupi 2,800, ulendo wa maola anayi ndege ikapanda kuima pena. Kuchoka ku Addis Ababa kukafika ku Jeddah ndi makilomita 1,400, maola awiri ndi theka. Mukaphatikiza mupeza 4,200 yomweyija. Izi zikutanthauza kuti Addis Ababa ili pa chingwe chathu chija pafupifupi ndendende, ndipo wodzera kumeneko sanazungulire. Mumlengalenga munthu amakhalamo maola osakwana 7.

Njira yakale inali ya mapazi. Amalonda a Chiyao ankanyamuka kum'mawa kwa nyanja yathu, m'maiko a mafumu monga Mataka ndi Makanjila, n'kuyenda wapansi mpaka ku Kilwa, m'mphepete mwa nyanja ya mchere ya India. Kuchoka ku Mangochi kukafika ku Kilwa ndi makilomita opitirira 700 mukayeza molunjika, koma mwendo wa munthu umazungulira mapiri, umafunafuna powolokera mtsinje, umapatukira kumene kuli madzi ndi chakudya. David Livingstone anayenda m'dera lomwelo mu 1866. Anachoka ku Mikindani mu April, anapuma kwa Mataka ku Mwembe mu July, ndipo anawaona madzi a nyanja pa 8 August. Miyezi inayi. Iyeyo ankayenda mozengereza, anthu ake akudwala, ziweto zikufa m'njira, ndipo amalonda ozolowera ankafulumirapo. Komabe unali ulendo wowerenga masabata. Ndege ya lero imamaliza mtunda wonga umenewu m'ola limodzi, ikudutsa pamwamba pa Niassa ndi mtsinje wa Ruvuma, okwera asanalandire n'komwe chakudya.

Tisabise mawu: njira imeneyi sinali yoyera. Mitu imene inkasenza minyanga ya njovu kupita kunyanja nthawi zambiri inali ya anthu ogwidwa ukapolo, ndipo sankabwerera. Ku Nkhotakota, kumene Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika m'zaka za m'ma 1840, zombo zinkawolotsa minyanga ndi anthu pamodzi. Njira imene inabweretsa nsalu, mikanda ndi Chisilamu ndi yomweyo imene inatenga ana a eni ake. Ophunzira athu azidziwa zonse ziwiri.

Kufika ku Kilwa kunali kuyamba chabe. Anzathu a kunyanja amadziwa mwera ndi mpoto. Kunyanja ya mchere kulinso mphepo ziwiri zotere, koma iliyonse imawomba miyezi yathunthu. Aswahili amati kaskazi, yochokera kumpoto, imene imawomba cha mu December mpaka March, ndi kusi, yochokera kumwera, kuyambira April mpaka September. Chombo cha matanga chofuna ku Arabia chinkadikira kusi, chofuna kubwerera chinkadikira kaskazi. Pakatikati pa nyengo ya kusi nyanja imakalipa, choncho eni zombo ankakonda kunyamuka kumayambiriro kapena kumapeto kwake. Njirayo inkadutsa ku Zanzibar, Mombasa ndi Mogadishu, kuzungulira nsonga ya dziko la Somalia, kulowa ku Aden, kenako n'kukwera Nyanja Yofiira mpaka ku Jeddah. Mukaphatikiza ndi ya pamtunda ija, makilomita amapitirira 5,000.

Apa ndi pamene pankavutira. Mphepo imatsata dzuwa, pomwe Hajj imatsata mwezi. Chaka cha Hijri chili ndi masiku 354, ndiye Dhul Hijja imabwerera m'mbuyo masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse, n'kuzungulira nyengo zonse m'zaka pafupifupi 33. Zaka zina mphepo inkagwirizana ndi Hajj. Zaka zina munthu ankafika ku Arabia kudakali miyezi yambiri, n'kumadya kamba wake podikira, ndipo akatsiriza mapemphero ankayeneranso kudikira kaskazi kuti abwerere. Ulendo wopita ndi kubwera unkadya chaka mosavuta. Wonyamuka ankasiya atagawa chuma, atabweza ngongole, atapepesa onse amene anawalakwira, chifukwa kutsanzikanako kunali ngati kwa maliro. Mwambo wopempha chikhululuko usanapite ku Hajj tili nawobe, ngakhale opita lero amatiimbira pa WhatsApp tsiku lotsatira.

Sitinali tokha pa vutoli. Ibn Battuta anachoka kwawo ku Tangier mu June 1325 ndipo anachita Hajj yake yoyamba kumapeto kwa 1326, patatha pafupifupi chaka ndi theka. Pambuyo pake anatsika ndi chombo kudzera ku Aden, Mogadishu ndi Mombasa mpaka anafika ku Kilwa cha mu 1331. Anayenda njira yathu yomweyi chotsika, zaka 500 a Jumbe asanafike ku Nkhotakota.

N'chifukwa chake kwa makolo athu ambiri ulendo wa kumpoto unkathera m'mphepete mwa nyanja. Kilwa ndi Zanzibar ndiwo anali masukulu awo. Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda anakaphunzira ku Kilwa n'kubwerera kuno m'zaka za m'ma 1880, ndipo anaphunzitsa mpaka anamwalira mu 1930. Mmodzi mwa otsatira ake otchuka anali Sheikh Thabit bin Muhammad Ngaunje, amene anamwalira mu 1959. Mayi Mtumwa binti Ali wa ku Nkhotakota anakhala ku Zanzibar ndipo anabwerako ndi njira ya Qadiriyya. Ulendo wochedwa unali ndi phindu lake. Munthu wodikira mphepo miyezi itatu amakhala pansi pamaso pa mwalimu, amaphunzira Chiswahili, amakopera buku ndi dzanja. Mawu monga futari, daku ndi mwalimu, amene tikuwatchula mwezi uno wonse, anayenda njira imeneyi.

Kenako kunabwera sitima zoyendera malasha, zosadikira mphepo. Ngalande ya Suez inatsegulidwa mu 1869, ndipo mu 1872 kampani ya British India inayamba kuyendetsa sitima pakati pa Aden ndi Zanzibar. Masabata anasanduka masiku. Koma walira mvula walira matope: sitima zothamanga zinkathamangitsanso matenda. Mu 1865 kolera inapha mahaji zikwi zambiri ku Makka n'kufalikira mpaka ku Ulaya. Maboma anachita mantha, ndipo kuyambira 1882 sitima za mahaji zochokera kumwera zinkayamba zaima pa chilumba cha Kamaran m'Nyanja Yofiira. Kumeneko anthu ankatsitsidwa, kusambitsidwa, zovala kuzifukiza, n'kuwasunga masiku angapo, makamaka akapezeka wodwala. Kakhadi ka katemera kamene timafunsidwa lero ndi mdzukulu wa Kamaran.

Chaka cha 1908 n'choyenera kuchisunga pamtima, chifukwa munachitika zinthu zitatu zokhudza nkhani yathu. Ku Arabia, njanji ya Hijaz yochokera ku Damascus inafika ku Madina, makilomita pafupifupi 1,300, ndipo ulendo umene ngamila zinkayenda masiku 40 unatsika kufika masiku owerengeka pa dzanja. Kuno kwathu, njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, inafika ku Blantyre kudzera ku Luchenza. Ndipo m'chaka chomwecho tiyi anabzalidwa kuno ku Thyolo, pa esiteti ya Bandanga, atayamba kale ku Mulanje mu 1891. Minda inachuluka pambuyo pake. Satemwa, mwachitsanzo, inayamba mu 1923.

Tsono tiyeni titsate bokosi limodzi la tiyi. Likachoka m'fakitale linkatsikira ku siteshoni, n'kukwera sitima ya pamtunda kulowera kuchigwa. Poyamba linkatsitsidwa n'kuikidwa m'sitima ya pamtsinje yopita ku Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja. Mu 1915 njanji inafika ku Chindio, m'mphepete mwa Zambezi. Mu 1922 ina yochokera ku Beira inafika tsidya linalo, katundu n'kumawolotsedwa pa madzi. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita pafupifupi 3.7, unalumikiza mbali ziwirizi, ndipo bokosi linkatha kuchoka ku Luchenza mpaka padoko la Beira osatsika. Kuchoka pamenepo sitima zina zinkazungulira ku Cape Town, koma zina zinkakwera kudzera ku Zanzibar, Mombasa, Aden, Nyanja Yofiira ndi Suez, kukafika ku msika wa tiyi ku London.

Onani bwino njira yachiwiriyi. Sitima yodutsa m'Nyanja Yofiira imalambalala Jeddah kudzanja lamanja. Tiyi wa ku Thyolo ankadutsa pakhomo pa Makka chaka ndi chaka, pamene manja amene anamuthyola sanafikeko ngakhale ku Beira. Othyola tiyiwo anali Alhomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, Amang'anja amene malo awo anagwera m'manja mwa Azungu, ndi Ayao, ena mwa iwo Asilamu. Ambiri ankakhala pa malo a esiteti pansi pa thangata, kulipira malo okhala ndi thukuta lawo. Malipiro anali mashereni ochepa pamwezi, msonkho wa nyumba ukudikira. Njanji ija inamangidwira katundu: tiyi, fodya, thonje. Munthu wakuda ankakweramo ndithu, m'mabogi akumapeto, koma kawirikawiri ankapita kumwera kukafuna ntchito ku Salisbury kapena ku migodi ya ku Joni. Njira ya ku Makka inali itafupika kale pa mapu, koma kwa wonyamula dengu kumsana inali kutali monga kale. Amene ankaikwanitsa msanga anali amalonda a Chimwenye a ku Limbe ndi m'matauni ang'onoang'ono a m'mbali mwa njanji, amene anali ndi ndalama komanso abale m'madoko, ndi mashehe ochepa otumizidwa ndi anthu awo.

Ndege nazo zinabwera zikuyang'ana kwina. Zinayamba kutera ku Chileka m'zaka za m'ma 1930. Mu 1949 ndi 1950 ndege za BOAC zotera pamadzi zinkaima ku Cape Maclear paulendo wa pakati pa Southampton ndi Johannesburg, umene unkatenga masiku anayi ndi kupitirira, okwera akugona m'mahotela usiku. Air Malawi inayamba mu 1964, ndipo mu 1974 inagula ndege ya mtundu wa VC10 imene inkapita ku London. Mizere yonse pa mapu a ndege zathu inkaloza ku Salisbury, Johannesburg ndi London, kumene kunkapita tiyi ndi eni tiyi.

Ku Arabia zinthu zinkasintha mwaliwiro. Mahaji oyamba kufika pa ndege anachokera ku Egypt m'zaka za m'ma 1930. Pofika m'ma 1970 obwera pa ndege anali ataposa obwera pa sitima za pamadzi, ndipo mu 1981 bwalo latsopano la King Abdulaziz linatsegulidwa ku Jeddah, lokhala ndi malo apadera a mahaji, denga lake looneka ngati matenti oyera. Kwathu kuno Air Malawi inatha mu 2013, ndipo kampani imene inalowa m'malo mwake mu 2014 ili ndi gawo la 49 peresenti la Ethiopian Airlines. Lero khomo lathu lalikulu lotulukira kunja lili kumpoto, pa mzere wa Qibla.

Liwiroli linabweretsa mafunso amene mabuku athu a fiqh sanakumane nawo. M'madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri kuno timatsatira, ulendo wololeza kufupikitsa Swala ndi kumasula kusala ndi wa marhala awiri, kutanthauza masiku awiri a ngamila zosenza katundu, makilomita pafupifupi 80. Ndege yothamanga makilomita 850 pa ola imamaliza mtunda umenewu m'mphindi 6. Kuchoka pa boma la Thyolo kukafika ku Chileka sikukwana n'komwe marhala awiri, ngakhale wopita ku Makka amakhala wapaulendo kale akangotuluka m'mudzi, poti cholinga chake n'chakutali.

Funso lalikulu ndi la Miqat, malire amene wopita ku Makka sayenera kuwadutsa asanalowe mu Ihram. Obwera kuchokera kumwera malire awo ndi Yalamlam. Pa ngamila munthu ankaima pamenepo, kusamba, kuvala nsalu ziwiri zoyera mosathamanga. Pa sitima ankauzidwa kuti afika moyang'anizana napo, ndipo nthawi inalipo yokwanira. Ndege imadutsa pamalopo ngati mphezi. Ma Ulama ambiri amati kudikira mpaka kutera ku Jeddah n'kuchedwa, choncho anzeru amasamba ndi kuvala Ihram pa bwalo la Addis Ababa, n'kudzachita Niyya mumlengalenga ndege isanafike pa malirewo. Oyamba kupita ku Madina alibe nkhawa imeneyi. Iwo amakavalira ku Dhul Hulayfa pobwera ku Makka. Amene mukutumiza makolo okalamba, funsani msanga kuti gulu lawo liyambira mzinda uti, ndipo nsaluzo zikhale m'chikwama cha m'manja. Zikapita m'sutikesi ya pansi pa ndege, azidzaziona atadutsa kale Miqat.

Pa za nthawi tili ndi mwayi. Wotchi ya ku Saudi Arabia ili patsogolo pa yathu ndi ola limodzi lokha, ndipo kunena za dzuwa lenileni, limafika pamutu ku Makka mphindi pafupifupi 19 lisanafike pamutu ku Thyolo. Thupi silisokonezeka tulo ngati la wopita ku America. Chimene chimasinthana ndi nyengo, chifukwa ndege imadutsa pakati pa dziko pamwamba pa Kenya. Mu June kuno usana umakhala wa maola 11 ndi mphindi zochepa, ku Makka maola opitirira 13. Ramadhan ikagwa mu June ife timamasula msanga, ikagwa mu December amamasula msanga ndi iwo.

Kusinthana kwa nyengoku sikungokhudza ola la futari. Woyenda wakale ankalowa m'kutentha pang'onopang'ono: kutsika mapiri, miyezi ku Kilwa, masabata panyanja, Aden. Wa lero amachoka m'chiperoni cha Thyolo atavala juzi, mawa lake ali padzuwa la Arabia. Mu June 2024 kutentha ku Makka kunapitirira madigiri 50, ndipo boma la Saudi Arabia linalengeza kuti anthu oposa 1,300 anamwalira pa Hajj ya chaka chimenecho, ambiri mwa iwo opita popanda chilolezo, amene analibe tenti kapena basi. Ife timakonda kutumiza agogo, poti ndiwo asonkhanitsa ndalama moyo wawo wonse, ndipo ndi matupi awo amene amavutika kwambiri. Kuwayendetsa masana masabata angapo asananyamuke, kuwazoloweretsa kumwa madzi pafupipafupi ndi kuwagulira ambulera n'kofunika ngati tikiti imene. Hajj tsopano ikubwerera m'mbuyo kulowera ku May ndi April, ndipo zaka zikubwerazi kutentha kuzichepa.

Tsono ngati ulendo ndi wa maola 7, n'chifukwa chiyani m'mizikiti yathu ma Alhaji timawawerenga pa zala? Mu 1988 maiko a Chisilamu anagwirizana kuti dziko lililonse lizitumiza mahaji 1,000 pa Asilamu miliyoni imodzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti ya Amalawi 17.5 miliyoni, kutanthauza anthu pafupifupi 2.4 miliyoni. Mwa masamu amenewa tikanamatumiza anthu 2,400 pachaka. Opita amakhala mazana ochepa. Chotchinga ndi ndalama. Tikiti, malo ogona, tenti ya ku Mina ndi basi zonse zimawerengedwa m'madola kapena m'mariyali. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023. Amati pang'onopang'ono ndi mtolo, koma amene ankasunga makwacha ake m'chitini zaka khumi anadzuka m'mawa wina mtolo utaphwa kwambiri. Tiyi pa okushoni ku Limbe amagulitsidwa m'madola, wothyola amalandira makwacha. Nkhani ya bokosi lija sinathe.

Hajj ndi yokakamizidwa kwa amene angathe, ndipo wosakwanitsa alibe tchimo. Ma Ulama akale ankati kutha kumeneku ndi kamba wa paulendo, chokwera, thanzi ndi njira yamtendere. Njira imatha kutsekeka ngakhale ndege zilipo. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unachititsa kuti Hajj ichitidwe ndi anthu ochepa kwambiri okhala mu Saudi Arabia momwemo, mu 2021 anali pafupifupi 60,000, ndipo akunja analoledwanso mu 2022. Zaka ziwiri zimenezo wandalama ndi wosauka anali kutali mofanana.

Kwa amene chaka chino zatheka, konzekerani tsiku lathunthu, chifukwa maola 7 aja ndi a mumlengalenga okha. Pali msewu wa Thyolo, Bvumbwe, Limbe mpaka ku Chileka, kapena maola ena asanu a basi ngati gulu likukwerera ku Lilongwe. Pali maola atatu a pa bwalo ndege isananyamuke, ndi kudikira ku Addis Ababa, kumene nthawi zina kumatenga usiku wonse. Ku Jeddah, m'masiku a Hajj, mizere ya mapasipoti ndi kudikira basi pansi pa matenti oyera aja zimatha kuposa nthawi imene munakhala m'ndege. Kenako patsala makilomita osakwana 100 kuti mulowe mu Makka. Chigawo chomalizachi ngamila zinkachiyenda mausiku awiri, zikupuma masana chifukwa cha dzuwa.